Loweruka Lofinya Ziphuphu

Munthu akavala magalasi atsopano, chinthu choyamba chimene amachiona bwinobwino ndi nkhope ya amene wamuveka. Mzime ankagwira ntchito m'sitolo yogulitsa magalasi a maso, ndipo woveka anthu anali iyeyo. Ankawerama, kukonza timiyendo ta magalasi kuseri kwa makutu, kukankha pang'ono pamphuno, n'kufunsa kuti, "Mukuona bwanji tsopano?" Munthu uja m'malo moyang'ana chikwangwani cha zilembo chimene anachipachikira zomwezo, maso onse dwii pansagwada za Mzime.

"Ii, pepanitu mayi! Zakulumani njuchi?"

Sizinali njuchi. Zinali ziphuphu, koma osati tija ta ana asukulu timene timatuluka Lolemba n'kuuma Lachinayi. Izi zinali zikuluzikulu, zolimba ngati nyemba zokwiririka pansi pa khungu, zowawa mpaka m'mano. Zinkandandalika m'nsagwada ndi pachibwano, ndipo mwezi uliwonse masiku ake akayandikira zinkabwera ndi zinzake. Zinamuyamba ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Anthu anati zidzatha akakula, iye n'kukula. Anati zidzatha akakwatiwa. Anakwatiwa, banja lija n'kutha, ziphuphu zili pompo. Tsopano imvi ziwiri zinali zitamera kale pamwamba pa khutu, koma nkhope ikadali ya mtsikana wa fomu wanu.

Koma anthu, abale! Munthu woti dzulo amalonjera mtengo poyesa mlamu wake, lero wangovala magalasi wasanduka dokotala. Ati siyani mazira. Ati pakani mandimu. Ati pakani mankhwala otsukira mano. Bambo wina wa tayi anachita kutsitsa mawu n'kufunsa kuti, "Kodi mumasamba kangati patsiku?" Mzime ankangomwetulira poti kasitomala salakwa, koma mumtima ankawavula magalasiwo n'kuwabwezera akale.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankapereka malangizo. Amayi ake ankangoti, "Bwera kuno, Mzime wanga, tiyambepo." Dzina lakelo analipeza chifukwa chobadwa womaliza pa ana asanu, ndipo linamukanirira mpaka kuntchito.

Kale Amayi anali oluka tsitsi, ndipo ankalukira pakhonde la nyumba yawo yakale. Loweruka ndiye linali tsiku la phokoso. Azimayi ankadzaza pabenchi, miseche ili mkati, wailesi ili pawindo, ana asanu akuthamangitsana m'nyumba. Amayi a tsiku limenelo sanali a munthu, ukawaitana ankayankha ndi chipeso kukamwa. Koma kasitomala womaliza akachoka cha m'ma fili koloko, ankasesa tsitsi lija, kutenthetsa madzi, kuthiramo mchere pang'ono, n'kukhala pansi atatambasula miyendo. Pamenepo Mzime ankagoneka mutu pamiyendo pawo. Zovala zawo zinkanunkhira mafuta a tsitsi. Ankayamba ndi kansalu kofunda, kenako zala ziwiri zazikulu zinkayenda m'nsagwada ngati munthu wosankha mpunga, zikapeza pamalo n'kuima.

"Ichi chapsa. Limba mtima."

Zinkawawa, asakunamizeni. Misozi inkatsikira m'makutu. Koma pa ana asanu aja, ndani wina ankakhala ndi Amayi ola lathunthu yekhayekha? Ndiponso munthu akagona chagada, maso atatsinzina, pakamwa pamapepuka. Pamiyendo pomwepo ndi pamene Mzime anaululira kuti walephera masamu. Pomwepo anatchulira koyamba za mnyamata amene anadzakhala mwamuna wake, ndipo patapita zaka, pomwepo ananenera kuti walongedza katundu wabwerako. Amayi sankadzudzula. Ankangoti "Mhm," n'kupukuta, n'kusamukira pena. Abambo, akadali moyo, ankafika ndi njinga yawo n'kuima pamasitepe.

"Opaleshoni ikadali mkati? Wodwala apulumuka koma?"

"Pitani uko inu, musatisokoneze," Amayi ankatero osadzutsa mutu.

Zonsezo zinapita. Abambo anamwalira, nyumba ya khonde ija anaigulitsa, ndipo matenda a shuga anawalanda Amayi maso. M'sitolo monse mwa Mzime munalibe magalasi oti n'kuwathandiza. Tsopano ankakhala kwa Achemwali, mkulu wake wa Mzime, m'kachipinda ka kumapeto koyang'anizana ndi bafa. Achemwali ndi munthu wabwino, koma wamantha. Amayi asayandikire mbaula, asagwire mpeni, asachape. Akafuna kupinda zovala, Achemwali ankadzazipindanso kumbali. Manja amene analuka mitu ya dera lonse ankangokhala pamiyendo tsiku lathunthu. Ntchito imene inawatsalira padziko inali imodzi, nkhope ya Mzime Loweruka masana, ndipo imeneyo sinkafuna maso.

Chimene chinamutengera Mzime kuchipatala chinali chiphuphu chimodzi chimene chinamera pansi pa khutu n'kumuletsa kutafuna sabata yathunthu. Sabata yomweyo abwana ake anamufunsa mwaulemu kwambiri ngati sangakonde kumagwirira kuchipinda cha kumbuyo, kopukutira magalasi. Ulemu umenewo unamupweteka kuposa chiphuphucho. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anakalembetsa kwa dokotala wa matenda a pakhungu, n'kudikira miyezi iwiri kuti tsiku lake lifike.

Adokotalawo anali mayi wamfupi, wa tsitsi lalifupi la imvi, wosadziwa kunena pepani. Anamugoneka pakabedi, n'kukokera pafupi nyali yokhala ndi galasi lokulitsa. Anafunsa za masiku ake a kumwezi, za mankhwala onse amene anapakapo, n'kumutumiza kukayezetsa magazi.

"Si mazira, ndipo si uve," anatero. "Ndi mahomoni. Thupi lanu limapanga mafuta ambiri pakhungu, basi. Zimachizika."

Zaka makumi awiri ndi ziwiri, palibe anamuuzapo Mzime kuti si kulakwa kwake.

Koma adokotala anali asanathe. Anamutembenuza mutu uku ndi uku, chala chikuyenda pa timaenje ta m'masaya.

"Amakufinyani ndani?"

"Ndimafinya ndekha."

"Ayi. Wodzifinya yekha amafinya pamene akuona pagalasi. Zipsera izi zafika mpaka kuseri kwa nsagwada, ndipo zili ziwiriziwiri moyang'anizana. Pali munthu, ndipo ndi wa manja amphamvu."

Mzime anayang'ana kudenga.

"Tamverani," adokotala anapitiriza. "Ziphuphu zamtundu uwu zilibe kukamwa. Mukafinya zimaphulikira mkati, n'kuwononga mnofu. Zipsera zina ndi za matendawa, koma zambiri ndi za zala. Ndikupatsani mapiritsi, mankhwala opaka pogona, ndi mafuta wamba ofewetsa khungu poti liziuma. Koma munthu ameneyo akapitiriza, ine ndi inu tikutungira madzi m'dengu."

Anachibaya jakisoni chiphuphu cha pansi pa khutu chija, ndipo pofika mawa lake chinali chitaphwa. Mzime anatafuna mbali zonse ziwiri akuseka yekha. Koma kuseka kunatha atakumbukira kuti mkuja ndi Loweruka. Akawauza bwanji Amayi? Kuwaletsa kunali kuwalanda ntchito yawo yomaliza. Kuwauza chifukwa chake kunali koipa kuposa pamenepo, chifukwa kunali kuwauza kuti chikondi chawo cha zaka zonsezi ndicho chinamukumba nkhope.

Loweruka loyamba analephera. Anapeza beseni lili kale pampando, Amayi atatambasula miyendo pamphasa, akumwetulira molunjika kuchitseko. Anagona, anatsinzina, nawasiya afinye. Mapanga awiri avumbwitsa. Atabwerera kuchipatala, adokotala anangoyang'ana kamodzi n'kuzimitsa nyali yawo.

"Ngati mumabwera kudzandiona nkhope, ndili bwino, zikomo. Panja pali anthu ofuna kuchira."

Ndiye Mzime anayamba kuzemba. Loweruka lina ati chimfine, linzake ati kuntchito kwachuluka anthu. Lolemba lotsatira Achemwali anaimba foni, mawu ali m'mwamba.

"Iwe, ukudziwa zimene ukuchita? Amayi amandituma kutenthetsa madzi wani koloko isanakwane. Akazizira, ati tenthetsanso. Dzana ndatenthetsa katatu! Galimoto iliyonse ikaima panja, ati ndi Mzime ameneyo. Ngati mwayambana, bwera mudzakambirane, ine makala andithera."

Mzime anawafotokozera zonse.

"Usawauze," Achemwali anatero. "Ungawaphe."

Nzeru inamubwerera ali m'basi, botolo la mafuta ofewetsa khungu lili m'chikwama. Atafika anagwada pafupi ndi Amayi n'kuwaika botololo m'manja.

"Amayi, ndinapita kwa dokotala. Wandipatsa mankhwala awa, koma ati ndisamapake ndekha. Pamafunika manja a munthu wina wodziwa, azipaka mozungulira, pang'onopang'ono. Ndiye ati mankhwalawa sagwirizana ndi kufinya."

Amayi anatsegula botolo, kununkhiza, n'kupotokola milomo.

"Mankhwala osanunkha? Akubera ameneyo."

"Ndi amakono, Amayi."

"Mhm. Ndiye wanena yekha kuti munthu wodziwa?"

"Wanena yekha."

"Gona apa."

Bodza lija linagwira ntchito kuposa mapiritsi. Amayi anaitenga ntchito yatsopanoyo ndi mtima wonse. Ankasamba m'manja kawiri, kuyeza mafuta pansonga ya chala, n'kumazungulira kuyambira pachibwano kukwera nazo. Zala zikakumana ndi chotupa zinkaima, kuchizungulira ngati mphaka pamphika wovundikira.

"Kamodzi kokha, Mzime. Chapsa bwino ichi. Dokotala wakoyo sadziwa."

"Amayi!"

"Chabwino, chabwino. Anthu ophunzira inu."

Miyezi inayi inadutsa choncho, ndipo inali miyezi yokoma. Milomo ya Mzime inkauma, khungu linkasupuka, mwezi woyamba ziphuphu zinachita ngati zikuwonjezeka, kenako zinayamba kuchepa. Makasitomala anayamba kuwerenga chikwangwani cha zilembo. Za chipinda cha kumbuyo abwana sanazitchulenso. Ndipo poti kulira kunalibe, nkhani pamphasa zinachuluka. Amayi anakumbukira mayi wina wa mutu waukulu amene ankalipira mofanana ndi anzake pamene kumuluka kunkatenga tsiku lonse. Anakumbukira tsiku limene Abambo anayesa kumeta ana okha n'kuwasiya mitu ngati munda wolima ndi khasu lothyoka. Ankaseka mpaka Achemwali kusuzumira pachitseko, nsanje ili poyera.

Chimene Mzime sanachiganizire n'chakuti madzi akaphwa miyala imaonekera. Zotupa zija zinkabisa zambiri. Loweruka lina zala za Amayi zinayenda nsagwada yonse osakumana ndi chotupa ngakhale chimodzi. Zinabwerera, ulendo uno pang'onopang'ono. Zinaima pa kadzenje kena, n'kupeza kanzake pafupi pomwepo. Amayi anaika chala chachikulu cha kumanja m'kamodzi, cha kumanzere m'kanzake. Zinakwana ndendende. Anasuntha pang'ono, n'kupezanso tiwiri. Nkhani imene ankakamba inathera pakati.

"Mzime."

"Amayi."

"Timaenje iti, dokotala wako anati n'chiyani?"

"Anati ndi matendawa. Amatero."

"Nsagwada yako ili m'manja mwangamu. Imalimba ukamanama, kuyambira uli mwana. Ndakufunsa kuti anati n'chiyani."

Mzime anatsegula maso. Nkhope ya Amayi inali pamwamba pake, maso awo otuwa akuyang'ana kukhoma.

"Anati zina ndi za matenda," anayankha motsitsa. "Zina ndi za kufinya."

"Zambiri ndi ziti?"

Amayi sanadikire yankho. Anachotsa manja awo, kuwapukuta pakansalu chala chimodzichimodzi, n'kutseka botolo.

"Dzuka, mwendo wachita dzanzi."

Loweruka lotsatira beseni kunalibe. Amayi anali pampando, osati pamphasa, manja atawapinda m'khwapa. Anamulonjera bwinobwino, kumufunsa za kuntchito, za mvula, za mtengo wa basi, ngati mlendo. Mzime anagwada n'kugoneka mutu pamaondo pawo, koma iwo anakweza zigongono kuti zisamukhudze.

"Amayi, mafuta aja ndabweretsa."

"Uzipaka wekha. Uli ndi manja."

"Simunadziwe, Amayi. Palibe ankadziwa. Inenso ndinkafuna."

"Mwana amafunanso kugwira moto. Ntchito ya make ndi chiyani?"

Masabata atatu anatha choncho. Achemwali anati chakudya chikubwerera m'mbale, ndipo wailesi sakuyatsanso. Mzime ankadziyang'ana pagalasi la kuntchito, nkhope ili see, yoti akanaivinira zaka khumi zapitazo, koma mtima uli zii. Ankalakalaka chiphuphu chimodzi, chachikulu, choti apite nacho.

Lachiwiri lina m'mawa, tsiku lokaonananso ndi adokotala, foni inalira. Anali Achemwali.

"Udzere kuno. Avala kale, akhala pakhomo ndi chikwama. Ati upite nawo kwa dokotala wakoyo, ndipo ine sindikuwathanso."

Anawapeza atavala diresi ya buluu ya mabatani, yomwe inali isanatuluke m'sutikesi chimwalirire Abambo. Pamasitepe a chipatala anakana kugwiridwa dzanja, anagwira chitsulo cha m'mbali n'kumawerenga masitepe chapansipansi. Dzina la Mzime litaitanidwa, Amayi ndiwo anayamba kuimirira.

Adokotala anayang'ana mayi wokalambayo, kuyang'ana manja ake, n'kuwakokera mpando.

"Ndinu dokotala wa mwana wangayu?" Amayi anafunsa, nkhope italoza pang'ono kumbali.

"Ndine, mayi."

"Munthu uja mumamufunsa ndine. Ndabwera ndekha kuti musamuyese mwanayu wosamva. Ndinayamba ali ndi zaka khumi ndi zinayi, Loweruka lililonse. Ndinkayesa ndikuchotsa zoipa." Anakhosomola. "Ine sindiona, ndipo ana angawa amandinamiza pondimvera chisoni. Inu ndamva kuti mulibe chisoni. Ndiuzeni, ndamuwononga bwanji?"

Mzime anafuna kulowererapo, koma adokotala anamukwezera dzanja.

"Zipsera zilipo, ndipo zimaoneka munthu akayandikira," anatero. "Zina tidzazichepetsa khungu likakhazikika. Zina adzakhala nazo moyo wake wonse. Mukanapanda kufinya zikanakhalapobe, koma zochepa."

Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo umene amauyembekezera.

"Zikomo. Mwanena zoona."

"Ndinenenso china. Khungu limeneli lachira msanga kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo silinang'ambike ndi kuuma ngati la ena. Amamupaka mafuta ndani?"

"Ndinkamupaka ndine. Anandinamiza kuti mwalamula ndinu."

"Sindinalamule. Koma ndikulamula lero."

Manja a Amayi anali pachikwama, atagwira chingwe chake zolimba mpaka mitsempha kutuluka.

"Ndiye kuti ndingamugwire?"

"Mukasamba m'manja. Sinki ili kumanzere kwanuko."

Mzime anawatsogolera, kuwatsegulira mpopi, kuwapatsa sopo. Anasamba nthawi yaitali, pakati pa zala, m'zikhadabo, mpaka m'zigongono. Adokotala, amene panja anali ndi mzere wa anthu, sanawafulumize. Atapukuta, Amayi anatembenuka n'kutambasula manja m'malere.

"Uli kuti?"

"Ndili pano, Amayi."

Anamugwira masaya onse awiri ndi zikhatho, zala zili chitambasukire. Sizinayende, sizinafufuze kanthu. Zinangokhala pamenepo, zozizira ndi madzi a pampopi, mpaka zinafunda. Amayi anatsegula pakamwa, ndipo Mzime anadikira mawu aakulu, a kupepesa kapena a pemphero.

"Iwe," Amayi anatero, "wanenepatu."

Mzime anaseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira, kulira kokweza kwa mwana wamng'ono, pamaso pa dokotala, chitseko chili chotsegula. Amayi sanamutonthoze ndipo sanamusiye. Anangomugwira choncho, misozi ikudutsa pakati pa zala zawo.